N'chifukwa chiyani Amwenye ena amati "iskool"?

Anzanga, ambirife timaseka tikamva Mmwenye akulankhula Chingerezi, kaya mufilimu kaya m'sitolo ku Limbe. Koma si umbuli ayi. Chingerezi chinakhazikika m'masukulu a ku India kalekale, cha m'ma 1835, nthawi ya atsamunda a ku Britain. Nkhani ili pa lilime. Malamulo a dzikolo amavomereza zilankhulo 22, ndiye mwana akamayamba Chingerezi lilime limakhala litazolowera kale Chihindi, Chitamil kapena Chipunjabi.

Tiyambe ndi v ndi w. M'Chihindi muli chilembo chimodzi chokha choimira zonse ziwiri, choncho "vest" ndi "west" zimatuluka chimodzimodzi. Pa t ndi d, ambiri amapinda nsonga ya lilime n'kugunda m'mwamba mwa kamwa, chakumbuyo, pomwe Mngelezi amangokhudza kuseri kwa mano akumtunda. Kaphokoso kaja timakatsanzira pa nthawi ya buleki kamachokera pamenepo.

Chondisangalatsa ine ndi mpweya. Mngelezi akamati "pin" amatulutsa kampweya pa p, ngakhale sikalembedwa. Chihindi chimasiyanitsa p ndi ph ngati mmene ife timasiyanitsira "pala" ndi "phala". Ndiye Mmwenye akaona p wopanda h amamutchula wouma, Mngelezi uja n'kumva ngati "bin". Nanga "think"? Iwo th wake amamutchula pafupifupi ngati wa mu "thupi". Eti ndi zomwe timachita ifenso mu Fomu 2?

Za "iskool" ndi za kumpoto kwa dzikolo. Zilembo s ndi k zikagundana koyambirira kwa mawu, lilime limapempha popumira, ndiye amaikapo i kutsogolo. Ife tinaika u pakati n'kupeza "sukulu". Basi, tasiyana pati?

Kwa iwo nkhaniyi imakhudza ntchito. M'mizinda ngati Bengaluru achinyamata ambiri amalembedwa ntchito yoyankha mafoni a makasitomala a ku America ndi ku Britain, ndipo asanayambe amaphunzitsidwa katchulidwe. Kasitomala akamangoti "pardon?" zinthu sizikhala bwino. Kunena zoona, ine sindiona chifukwa choti munthu afafaniziretu kalankhulidwe ka kwawo. Chofunika n'choti amveke.

Njira zake n'zosalira ndalama. Pa v, yang'ana pagalasi: mano akumtunda akhudze mlomo wakumunsi. Pa w, milomo ikhale yozungulira, mano osakhudza kanthu. Pa p, gwira kapepala kutsogolo kwa kamwa, ukati "pin" kagwedezeke, ukati "spin" kasagwedezeke kwenikweni. Kenako dzijambule mawu pafoni n'kudzimvera wekha. Zimachititsa manyazi tsiku loyamba.

Ife athu ndi l ndi r. Mawa pa asembule tamvetserani bwino ngati wotsogolera anene kuti "let us pray" kapena "let us play".