Kodi BP ya bambo anu mukuidziwa?

Kuno kwathu ku Rivirivi, mwamuna wolimba timamudziwira pa ntchito. Amalima thonje dzuwa lili pamutu, amapalasa njinga yodzaza matumba mpaka pa Balaka, ndipo akamva mutu amangoti "ndi kutopa chabe". Mukapita pa chipatala chilichonse m'mawa mupeza kuti pamzere padzaza amayi ndi ana. Abambo kaya ali kuti. Ambiri amafika pamenepo atanyamulidwa pa ngolo kapena pa kabaza, matenda atakula kale.

Lero ndikufuna tione zomwe zimachitika m'thupi la mwamuna akamapitirira zaka 40. Zambiri mwa izi munazimva kale mu Biology, kungoti mwina simunaganize kuti zikukamba za bambo anu, amalume anu kapena agogo amene amakulipirirani fizi.

Mitsempha nayonso imakalamba

Mtima ukagunda umakankhira magazi m'mitsempha. Mitsempha ya wachinyamata imatamuka ngati mphira watsopano, ndiye magazi amadutsa bwinobwino. Munthu akamakula mitsempha ija imayamba kuuma, ndipo mafuta amatha kumata m'kati mwake n'kuchepetsa njira. Ganizirani paipi yothirira dimba: mukaipana ndi chala, madzi amatuluka mwamphamvu. Ndi mmenenso magazi amachitira, ndipo mtima umakakamizika kugwira ntchito yoposa muyeso.

Akayeza BP amatchula manambala awiri. Yapamwamba, systolic, ndi mphamvu ya magazi pamene mtima ukukankha. Yapansi, diastolic, ndi pamene mtima ukupumira kaye. Munthu wamkulu akamapezeka ndi 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyana, madokotala amati ali ndi matenda othamanga magazi.

Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera. Amuna anali ochuluka kuposa akazi, ndipo ambiri mwa anthuwo sankadziwa n'komwe. Vuto lake ndi limenelo: BP nthawi zambiri simva kuwawa. Munthu amalima, amaseka, amasewera bawo, uku impso, maso ndi mitsempha ya mu ubongo zikuwonongeka pang'onopang'ono.

Tsiku lina mtsempha wa mu ubongo umatsekeka kapena kuphulika. Imeneyo ndi sitiroko. Zizindikiro zake muziloweze pamtima: kamwa kupotokera mbali imodzi, dzanja kapena mwendo kufooka mwadzidzidzi, mawu kutuluka osamveka. Kumudzi zikatere anthu amathamangira kunena kuti wina wawaponyera. Inu thamangirani ku chipatala, chifukwa maselo a ubongo akasowa mpweya wa oxygen amayamba kufa pa mphindi zochepa.

Mchere, shuga ndi fodya

WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kutanthauza kasupuni kamodzi ka tiyi. Tsono werengerani: mchere wa mu ndiwo, wina wowaza pa mbale, wina wa pa kanyenya ndi tchipisi pa msika. Sodium wa mu mchere amachititsa thupi kusunga madzi, magazi amachuluka, BP n'kukwera.

Matenda a shuga nawo amakonda anthu akuluakulu. Nsima, mbatata ndi tiyi wa shuga zikagayidwa zimasanduka glucose, ndipo insulin ndi amene amatsegula njira kuti glucose alowe m'maselo. Munthu akamakula, makamaka mimba ikamatuluka, maselo amasiya kumvera insulin bwinobwino, shuga n'kumangozungulira m'magazi. Mukaona bambo akumva ludzu pafupipafupi, akukodzakodza, akuonda popanda chifukwa kapena ali ndi bala losapola, akayezetse. Amangobaya pa chala, kadontho kamodzi ka magazi, basi.

Fodya, kaya wa mu shopu kaya chingambwe, amawononga khungu la m'kati mwa mitsempha ndi mapapo. Kachasu amakweza BP komanso amaononga chiwindi. Mowa ndi fodya zikaphatikizana zimaonjezera chiopsezo cha khansa ya kum'mero, imene ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa amuna m'dziko muno. Munthu akayamba kuvutika kumeza nsima, asadikire kuti phala nalo liyambe kukana.

Za nyama za m'thupi, mphamvu zake zimatsika ndi zaka, ndipo testosterone amachepa pang'onopang'ono. Mankhwala ake ndi kugwiritsa ntchito thupi. WHO imati mphindi zosachepera 150 pa sabata. Mlimi amazikwanitsa nthawi ya dzinja osadziwa n'komwe, koma wokhala mu golosale tsiku lonse, kapena woyendetsa njinga yamoto, afunika kuchita kuzifunafuna.

Nkhani imene abambo amachita nayo manyazi

Pansi pa chikhodzodzo cha mwamuna pali kachiwalo kotchedwa prostate, kakukula ngati kandimu kakang'ono. Njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Mwamuna akamakula kachiwaloka kamakulanso, ndipo pafupifupi theka la amuna a zaka za m'ma 50 amakhala kuti kakula. Kakatero kamafinya njira ija. Mkodzo umatuluka mofooka, munthu amadzuka katatu kanayi usiku, ndipo akamaliza amamva ngati wina watsala.

Nthawi zambiri kukula kumeneku si khansa, ndipo kuli ndi mankhwala. Koma khansa ya prostate iliponso, imavuta kwambiri amuna akuda, ndipo wosiyanitsa ziwirizi ndi dokotala yekha. Mkodzo ukatsekekeratu, imeneyo ndi ngozi ya tsiku lomwelo.

Ife a m'mbali mwa Rivirivi ndi Shire tili ndi chinanso: likodzo. Tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madzi, timalowa pa khungu posamba kapena powedza, ndipo mazira ake amakakhala m'chikhodzodzo. Likodzo losachiritsidwa kwa zaka zambiri lingathe kudzetsa khansa ya m'chikhodzodzo. Magazi mu mkodzo si chizindikiro cha kukula ayi, ndi matenda, ndipo mankhwala a praziquantel amachiza.

"Mwamuna salira"

Mawu amenewa tonse tinakula nawo. Koma ubongo ndi chiwalo ngati mtima, nawonso umadwala. Munthu akakhala pa nkhawa, tiziwalo ta pamwamba pa impso timatulutsa adrenaline ndi cortisol. Mtima umathamanga, shuga amakwera m'magazi, thupi limakonzeka kuthawa kapena kumenya nkhondo. Pothawa njoka zimenezi n'zothandiza. Koma ngongole ya feteleza sithawika, ndiye thupi limakhala lili chire miyezi yambiri. Tulo timasowa, BP imakwera, ena amayamba kuthawira ku mowa.

Kumbukirani chilala cha 2024, pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Bambo amene analima osakolola, ana akufuna fizi, anasenza katundu wolemera m'mutu ngakhale sanauze munthu. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri mwa anthu odzipha m'Malawi ndi amuna, ndipo ngongole ndi mikangano ya m'banja zimatchulidwa kawirikawiri.

Matenda a depression si ulesi kapena kufooka mtima. Munthu akatha masabata awiri kapena kuposa ali wosakondwa, zomwe ankakonda zitamutuluka m'mtima, osadya, osagona, akudzipatula, afunika thandizo. Kwa amuna ambiri matendawa amaonekera mu ukali ndi kuledzera. Munthu akayamba kunena kuti bola kufa, musaseke ndipo musasunge chinsinsi. Uzani munthu wamkulu wodalirika tsiku lomwelo, ndipo wodwalayo asakhale yekha. M'zipatala za maboma muli anamwino ophunzira za matenda a maganizo, ndipo ofunika thandizo lalikulu amawatumiza ku Zomba Mental Hospital.

Nanga inu mungachitepo chiyani?

Ndikudziwa, mwana salangiza bambo ake ngati mphunzitsi. Koma pali njira zaulemu. Mutha kunena kuti, "Ababa, kusukulu tikuphunzira za BP. Kodi yanu munayezetsapo liti? Ndikuperekezeni Lachisanu?" Bambo ambiri amene angakane kupita okha amavomera akaona kuti mwana wawo wadandaula. Ngati nkhaniyo ndi ya mkodzo, imene mwana sangaiyambe, uzani amayi kapena amalume kuti akambirane okha akuluakulu.

Kuyeza BP pa chipatala cha boma n'kwaulere, kaya pa chipatala chaching'ono cha kwanu, pa Balaka kapena pa chipatala cha boma la Machinga ku Liwonde. Lembani manambalawo ndi deti lake mu buku la kuchipatala. Ngati apatsidwa mankhwala, akumbutseni kumwa tsiku lililonse. BP ikatsika ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito, osati matenda atha. Ambiri amasiyira pamenepo, sitiroko n'kuwapeza. Kukhitchini, inu ophika ndiwo chepetsani mchere pang'onopang'ono, lilime limazolowera.

Palinso Chipatala cha pa Foni, chomwe chinayambira konkuno ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach, kenako n'kufalikira dziko lonse pansi pa Unduna wa Zaumoyo. Mumaimba kwaulere n'kulankhula ndi wazaumoyo. Kwa bambo wamanyazi, foni ndi poyambira pabwino chifukwa palibe womuyang'ana kumaso.

Anyamata, izi zikukhudzanso inu. Mafuta amayamba kumata m'mitsempha munthu akadali wachinyamata, ndipo ambiri osuta fodya anayamba ali pa msinkhu wanuwu. Mitsempha imene mudzakhale nayo pa zaka 50 mukuikonza panopa muli Fomu 3.

Ntchito ya sabata ino nayi: funsani amuna atatu akuluakulu a pakhomo panu kapena oyandikana nawo kuti anayezetsa liti BP. Amene anene kuti sanayezetsepo, pangana nawoni tsiku.