Kuphika buledi ni luso, koma bekari imaimilira pa sikelo na buku

Ngati mwana wanu, kapena imwe mwekha, muganiza zokaphunzira kuphika buledi, mabanzi na makeke kuti mukatsegule kabekari mu Kafue, khalani pansi tikambe. Msika ulipo. Ana a sukulu afuna banzi m'mawa, anchito a ku Nitrogen Chemicals na ku Kafue Steel afuna chomwera tiyi, matraki opita ku Chirundu na ku Livingstone apita pakati pa tauni usiku na usana, ndipo tuntemba twa mu Zambia Compound, Shikoswe na Estates tufuna katundu tsiku lililonse. Onjezani kitchen party, chilanga mulilo na ma birthday. Nanga n'chifukwa chiyani munthu wodziwa kuphika bwino amatha kutseka bizinesi chaka chisanathe? Kawirikawiri vuto silili mu uvuni. Lili pa sikelo na mu buku.

Kuphika kwa panyumba ni kwa maso na dzanja: kapu ziwiri za fulawa, kamchere pang'ono, basi. Kuphika kwa malonda ni masamu. Chinthu choyamba chimene kosi yabwino idzakuphunzitsani ni kupima chilichonse molingana na fulawa. Pa makilo 100 a fulawa, buledi wamba afuna madzi pafupifupi makilo 60, mchere makilo 2 na yisiti youma kilo imodzi, kenaka shuga na mafuta pang'ono. Mukagwira lamulo limeneli, muphike makilo 5 kapena 50, buledi ituluka chimodzimodzi Lolemba na Loweruka. Kasitoma abwelera chifukwa cha ichi.

Manje onani pamene ndalama ithawira. Thumba la makilo 50 lipatsa mtanda wopitilira makilo 80. Mtanda umapepuka mu uvuni chifukwa madzi auluka, ndiye kuti mupeze lofu ya magalamu 700 muyenera kudula pafupifupi 800. Ndiye kuti thumba limodzi ni malofu 100 kapena kupitilira pang'ono. Wodula mtanda na maso akangoonjeza magalamu 20 pa lofu iliyonse, makilo 2 apita, malofu awiri na hafu pa thumba. Muziphika thumba limodzi patsiku, pamwezi mwapatsa anthu malofu opitilira 70 mahala, osadziwa. Mukachepetsanso, makasitoma aona, athawa. Mwaona chifukwa chake sikelo ni bosi?

Kutentha nakonso kuli na masamu ake. Mtanda umafufuma bwino ukakhala pa madigiri 26 kapena 27. Mu October, pamene Kafue ipsa, yisiti ithamanga, mtanda ufufuma mopitilira na kugwa, choncho ophika odziwa asakaniza na madzi ozizira. Mu June na July mtanda uchita ulesi, ufuna madzi ofunda na nthawi. Buledi yoikidwa mu pulasitiki ikali yotentha ituluka thukuta na kuchita nguwi msanga. Aphunzitsi akapanda kukamba vinthu ivi, dziwani kuti akuphunzitsani resipi chabe, osati nchito.

Nanga mukaphunzire kuti? Funso loyamba lisakhale mtengo. Funsani ngati sukulu ni yolembetsedwa ku TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa na lamulo la mu 1998 kuti liziyang'anira maphunziro a luso la manja mu Zambia. TEVETA ili na mndandanda wa masukulu olembetsedwa, ndipo kufunsa sikulipilitsa. Ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupifupi 45, kuli Zambia Institute for Tourism and Hospitality Studies, imene akuluakulu aidziwa kuti Fairview, pa Church Road, komanso masukulu ena a anthu wamba ophunzitsa zophika. Amene mwaphika zaka zambiri opanda pepala, funsani za trade test, mayeso amene aona zimene manja anu adziwa kale.

Musalipile musanaone khichini. Lowani, muwerenge: ophunzira angati pa uvuni imodzi? Pali mikisa yaikulu na masikelo? Mudzagwira mtanda kangati pasabata? Adzakutumizani ku attachment mu bekari yeniyeni, kumene nchito iyamba anthu akali gone? Ndipo funsani mosabisa ngati aphunzitsa kuwerengera mtengo, kusunga sitoko na ukhondo. Kosi ya masiku atatu yokongoletsa keke ni yabwino kwa munthu wodziwa kale, koma siingakupangeni mwini bekari.

Za fizi, kumbukilani CDF. Mu 2022 boma linakweza ndalama imeneyi kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, ndipo mbali ina ni ya ma bursary a achinyamata ofuna kuphunzira luso. Mafomu apitila ku Ward Development Committee ya kwanu na ku khonsolo ya Kafue. Pitani msanga, mutanyamula kalata ya malo imene sukulu yakupatsani, chifukwa ofuna ni ambiri.

Mukamaliza kosi, nkhondo yeniyeni iyamba pa mtengo. Ambiri aona mtengo wa aneba na kukopela. Iyayi. Lembani vonse: fulawa, shuga, saladi kapena majarini, yisiti, mazira, mapulasitiki, malaiti kapena malasha, lendi, transipoti yopeleka maoda, na malipilo anu imwe mwekha. Gawani na chiwerengero cha malofu amene mwagulitsadi, osati amene mwaphika, chifukwa opsa, otsala na amene ana adya panyumba nawonso adya fulawa. Pamenepo mudzaona kuti nthawi zina banzi, sikono na keke ya oda vibweletsa phindu kuposa lofu, pakuti pa lofu mupikisana na mabekari akuluakulu na masupamaketi amene agula fulawa na traki.

Musanamizidwe kuti zinthu zili pafupi ndiye zidzatchipa. Shuga ichokela ku Nakambala ku Mazabuka, tirigu alimidwa na nthilila m'nyengo yozizira ku Mkushi, Chisamba na Mazabuka komweko, koma mitengo imasinthabe. Fulawa ikakwela, bwelelani ku buku tsiku lomwelo, muone ngati mukweza mtengo kapena musintha zimene muphika. Osadikila mwezi uthe.

Malaiti ni nkhani ina. Mtsinje wa Kafue ndiwo uzunguza makina a ku Kafue Gorge, koma chilala cha 2024 chinatiphunzitsa kuti kukhala pafupi na damu sikuteteza munthu ku load shedding. Mtanda sudikila ZESCO. Ukafufuma, uyenera kulowa mu uvuni, apo ayi mwataya thumba. Choncho musanagule uvuni ya malaiti yokha, phunzirani kuphikanso na gasi kapena uvuni ya njerwa, ndipo muwerenge mtengo wa chilichonse pa lofu imodzi.

Mapepala nawo musawazembe. Dzina la bizinesi mulembetsa ku PACRA, TPIN mutenga ku ZRA, ndipo khonsolo ifuna laisensi ya malonda na chilolezo cha zaumoyo. Aliyense wogwira chakudya apimidwe ku chipatala na kukhala na pepala lake. Kolera ya kumayambiliro kwa 2024, imene inachedwetsa kutsegula masukulu, ikali m'maganizo a anthu. Madzi aukhondo, sopo, chovala kumutu na malo opanda makoswe ni mbali ya malonda. Sukulu kapena loji imene ifuna kukupatsani oda yaikulu idzafunsa mapepala amenewa isanalawe na banzi yomwe.

Chomaliza ni nkhongole. Wa kantemba adzati "siyani mabanzi, nizalipila mailo." Amalume adzafuna keke ya ukwati wa mwana wawo, ati "tizaonana kumapeto kwa mwezi." Imwe fulawa mugula kesh. Ikani malile: oda ya keke iyambe na dipoziti, wa kantemba alipile za dzulo asanatenge za lelo, ndipo ndalama ya bizinesi ikhale pa nambala yake ya mobile money, yosiyana na ya ndiwo. Ya chilimba kapena village banking ingakugulileni mikisa, koma ibwezedwa na phindu limene mwaliona mu buku, osati limene muganizila.

Ngati mukali kudikila malo ku sukulu, yambani sabata ino na kasikelo ka digito na buku la hardcover. Phikani mabanzi, pimani vonse, lembani zimene mwagula, zimene mwagulitsa na zimene zatsala. Pakapita masiku 30, buku lidzakuuzani ngati muli na bizinesi, kapena mungodyetsa komboni na ndalama zanu.