Kodi Mutu Wouma Ulipodi?

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a MSCE zikatuluka, mawu amodzimodzi amamveka pakati pa anyamata ndi atsikana amene sadakhoze. Wina amati, "Ine mutu wanga ndi wouma." Wina amati, "Ine ndimamva chinthu ndikachiona ndi maso, koma aphunzitsi ankangolankhula." Mawu otere amamveka pa Kandeu, m'dera la Inkosi Ganya ku Ntcheu, monga momwe amamvekera kwina kulikonse m'dziko muno. Kuopsa kwake n'kwakuti munthu akawakhulupirira amatsekera makope ake m'bokosi, osayesanso. Tsono tiyeni tione ngati mawuwa ali oona.

N'zoona kuti anthu sakonda kuphunzira mofanana. M'chaka cha 1987 mphunzitsi wina wa ku New Zealand, Neil Fleming, adagawa ophunzira m'magulu anayi: okonda kuona zithunzi ndi mapu, okonda kumvetsera, okonda kuwerenga ndi kulemba, ndiponso okonda kugwira ndi manja. Maganizo otere adafala m'maiko ambiri, kotero kuti aphunzitsi ena adayamba kukhulupirira kuti mwana aliyense ali ndi khomo limodzi lokha lolowera nzeru.

Koma m'chaka cha 2008 akatswiri anayi a ku America, mmodzi mwa iwo Harold Pashler, adasanthula kafukufuku amene adalipo pa nkhaniyi. Iwo adavomereza kuti anthu amakondadi njira zosiyanasiyana, koma sadapeze umboni wokwanira wakuti mwana akaphunzitsidwa m'njira imene amaikonda ndiye kuti adzakhoza koposa. Chimene chiyenera kulamula njira ndi phunzirolo. Mapu a Malawi amafuna maso, katchulidwe ka Chingerezi kamafuna khutu ndi pakamwa, ndipo kusoka kumafuna singano m'dzanja, kaya wophunzirayo amakonda chiyani.

Nanga n'chiyani chimene chimasunga nzeru m'mutu? Choyamba tidziwe kuti kuiwala n'chibadwa cha munthu aliyense. M'chaka cha 1885 katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, adafalitsa zimene adapeza atadziyesa yekha poloweza timawu topanda tanthauzo. Adaona kuti zambiri zinkathawa m'maola oyamba ndi tsiku loyamba, kenaka kuiwalako kunkachepa liwiro. Adaonanso kuti kubwereza pa masiku osiyana kumathandiza koposa kubwereza kambirimbiri tsiku limodzi. Motero wochezera usiku wonse ndi buku mawa lake kuli mayeso ali ngati mlimi wofuna kupalira munda wonse tsiku limodzi, udzu utakula kale.

Chachiwiri n'chakuti nzeru imakhazikika pamene munthu akuitulutsa. M'chaka cha 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, a ku America, adapatsa ophunzira nkhani yaifupi. Gulu lina lidaiwerenga mobwerezabwereza. Gulu lina lidaiwerenga kanthawi kochepa, kenaka n'kumalemba zimene likukumbuka nkhaniyo itavundikiridwa. Patapita mphindi zisanu, obwereza kuwerenga ndiwo adapambana. Koma itatha sabata zinthu zidatembenuka: odziyesa aja adakumbukira mfundo 61 mwa 100, pamene anzawo adakumbukira 40 zokha. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Nthawi iliyonse imene munthu avutikira kukumbukira chinthu, ndiye kuti akukumba khwawa limene chinthucho chidzadzere tsiku la mayeso.

Zimenezi si zachilendo pa Kandeu. Kuyambira m'chaka cha 2012 derali lidali limodzi mwa madera a ku Ntcheu ndi Dedza kumene kunkachitika ntchito ya kafukufuku wa ulimi yotchedwa Africa RISING. Alimi ankasonkhana pa munda waukulu wachitsanzo, wotchedwa "mayi", kumene ankaona ndi kumva za kubzala mbewu monga nandolo pamodzi ndi mtedza, ndi kasinthasintha wa mbewu zotere ndi chimanga. Kenaka aliyense ankasankha njira zochepa n'kukaziyesa pa kamunda kake, kotchedwa "mwana". Palibe mlangizi amene ankayamba wafunsa kuti uyu ndi mlimi wa maso kapena wa makutu. Onse ankaona, onse ankamva, ndipo onse ankakachita okha kwawo mlangizi kulibe. Kamunda ka "mwana" kadali mayeso a zimene mlimi adaphunzira pa "mayi".

Ngoma ya Angoni a ku Ntcheu nayo ili ndi phunziro lake. Lero ambiri mwa iwo amalankhula Chichewa, komabe mawu a Chingoni chakale akadamvekabe m'nyimbo zina za gule ameneyu, chifukwa zakhala zikuimbidwa mobwereza mibadwo ndi mibadwo, mawu, mayendedwe ndi kuponda kwa mapazi zili pamodzi. Koma pano pali chenjezo. Munthu angathe kuimba nyimbo yonse bwinobwino osadziwa kumasulira mawu ake. Chimodzimodzinso wophunzira woloweza popanda kumvetsa: funso likangotembenuzidwa pang'ono, amasowa pogwira.

Tsono inu amene mwatsiriza sukulu ndipo mufuna kulembanso mayeso kapena kuphunzira ntchito yamanja, yesani izi. Mukawerenga tsamba, tsekani buku ndi kulemba kapena kunena zonse zimene mukukumbuka, kenaka mutsegule ndi kuona pamene mwaphonya. Bwererani ku phunziro lomwelo mawa lake, kenaka pakatha masiku atatu, kenakanso pakatha sabata. Fotokozerani mng'ono wanu kapena mnzanu m'mawu anuanu. Pamene mwakakamira ndi pamene simudamvetse. Gonani mokwanira, pakuti ubongo umakhazikitsa zophunzira munthu ali m'tulo. Njira imene mumaikonda yambirani pomwepo, koma musathere pomwepo.

Inunso aphunzitsi, ngakhale kalasi likhale lodzaza ndipo mabuku akhale ochepa, njira zimenezi sizilira ndalama. Yambani phunziro la lero ndi mafunso atatu a dzulo ndi limodzi la mwezi watha, ana onse ayankhe m'makope osati ochenjera okha okhala kutsogolo. Jambulani pabolodi, fotokozani, ndipo apatseni anawo chochita. Koposa zonse, pewani kuuza mwana kuti iye ndi wa manja chabe kapena kuti mutu wake ndi wouma, pakuti mawu a mphunzitsi amakhalitsa kuposa phunziro lake.

Anthu amasiyanadi pa liwiro la kumva zinthu, ndipo ena ali ndi zovuta zenizeni za maso, makutu kapena kuwerenga zimene zimafuna chithandizo chapadera. Koma ambiri amene amadzitcha ouma mutu adangosowa wowauza kuti kuwerenga kokha sikukwanira. M'gawo lotsatira tidzakamba za kagawidwe ka nthawi yowerenga kwa wophunzira amene alinso ndi ntchito za kumunda ndi za pakhomo.