Mtengo wa Butternut: Mthunzi Wokoma, Koma Mdani wa Matimati

Ambiri a ife tikamva dzina lakuti butternut timaganiza za dzungu lija lalitali khosi limene limagulitsidwa m'misika ya ku Chipata ndi ku Lusaka. Koma kum'mawa kwa dziko la America ndi ku Canada, dzina lomweli ndi la mtengo waukulu umene anthu amabzala pabwalo kuti uwapatse mthunzi ndi mtedza.

Mtengowu umatalika mpaka mamita 20, ndipo nthambi zake zimatambasuka ngati za mkuyu. Mtedza wake uli m'cigoba colimba cofuna nyundo, koma m'kati mwake muli mafuta ambiri. Eni nthaka akale anali kuusinja ndi kuuwiritsa, nkumatapa mafuta oyandama pamwamba. Khungu lakunja limathimbiritsa manja, ndipo pa nkhondo ya paciweniweni ya 1861 mpaka 1865 asilikali ena a kum'mwera anabvala nsalu zonyikidwa mu utoto wake.

Wobzala ayenera kuleza mtima. Mbeu yake simera ikapanda kugona m'nthaka yozizira kwambiri miyezi 3 kapena 4, ndiye cifukwa cake mtengowu si wa kuno kwathu. Umayamba kubala mokwanira utafika zaka ngati 20, ndipo zipatso zimacuruka kamodzi pa zaka 2 kapena 3. Ngakhale apo, agologolo amalawirira kukolola mwini mtengo asanadzuke.

Nkhani yaikulu ndi malo obzalapo. Mizu ndi makungu a zipatso zake zimatulutsa mankhwala ochedwa juglone, amene amafotetsa matimati ndi mbatata za kacewere. Munthu amene waubzala pafupi ndi dimba pofuna kupumulirapo akatopa, amadzazindikira mocedwa kuti mthunziwo waugula ndi ndiwo zake. Kuusamutsa nkobvuta, pakuti muzu wake waukulu umalowa pansi kwambiri, ndipo mtengowo ungakhale pomwepo zaka 75.

Tsoka lake, mtunduwu ulikutha. Mu 1967 ku Wisconsin kunaoneka matenda oyambitsa zilonda zakuda pa thunthu, zimene zimazungulira mtengo mpaka uume. Mankhwala ake palibe. Mu 2005 boma la Canada linaulemba pa mndandanda wa mitengo imene ili pangozi ya kutheratu. Akatswiri a zankhalango amafunafuna mitengo yocepa imene yapirira pakati pa inzake yodwala, kuti atengeko mbeu ndi nthambi zolumikiza.