Njinga ikamavuta pakona, yambirani pa matayala

Mukutsika Khwekhwerere kapena Chiweta pa njinga yamoto yakale, kumbuyo mwakweza munthu. Mukufuna kukhota, koma njinga ikukana kupendekeka, kenako kumbuyo kwayamba kuvina. Ambiri zikatere amathamangira kukagula mashoko atsopano, ndalama n'kupita, vuto osatha. Chonsecho zambiri mungazipeze nokha pakhomo, bola kutsata ndondomeko.

Choyamba ndi matayala. Yezani mpweya m'mawa njinga isanayende, ndipo muyeze ndi geji, osati kungofinya ndi chala. Njinga zambiri zakabaza ngati Boxer zimafuna pafupifupi 25 psi kutsogolo ndi 28 kumbuyo, kapena 32 mukakweza munthu. Mpweya ukachepa kutsogolo chiwongolero chimalemera, ukachepa kumbuyo njinga imayendayenda. Onaninso mmene tayala lathera. Lakumbuyo likaphwatalala pakati, njinga imalimbalimba poyamba kukhota, kenako n'kugwera pakona mwadzidzidzi. Zaka za tayala zili m'manambala anayi omaliza pambuyo pa mawu akuti DOT: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 mu 2019. Tayala lokalamba limauma, siligwira bwino phula ngakhale mapanda ake akuonekabe.

Kenako imikani njinga pa sitandi yapakati, mnzanu akanikize kumbuyo kuti tayala lakutsogolo likhale m'malere. Tembenuzani chiwongolero pang'onopang'ono uku ndi uku. Chikamakodwa pakati, mabeyaringi apakhosi atha. Gwirani mafoloko m'munsi, mukoke ndi kukankha. Mukamva kuti gu! gu! ndiye kuti pakhosipo pamasuka. Mukaona oyilo pamafoloko, masilu akudontha, ndipo oyiloyo akafika pamabuleki ndi ngozi ina.

Pitani kumbuyo. Gwedezani tayala cham'mbali. Likamasewera, vuto ndi mabeyaringi a wilo kapena mabushi a swingarm. Onani timizere tokokera tcheni: mbali zonse ziwiri zifanane, apo ayi tayala lakumbuyo silitsata lakutsogolo, njinga imakhota bwino mbali imodzi yokha. Gogodani masipoko ndi sipanala. Yolimba imalira kuti ngwe, yomasuka imangoti phu. Pomaliza ndiye mashoko: kanikizani mpando n'kuusiya. Ukangokwera kamodzi n'kuima, ali bwino. Ukamadumphadumpha, apa ndiye mugule ena.

Katundu nayenso ali ndi mbali yake. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 mukalimangirira kumapeto kwa kaliyala, kutsogolo kumapepuka ndipo chiwongolero chimanjenjemera. Lisendezeni pafupi ndi msana wanu, ndipo mulimbitse masipuling'i a mashoko pa kamphete kam'munsi kaja.

Za mpweya, tcheni ndi katundu mutha kukonza nokha lero lomwe. Za mabeyaringi, mabushi ndi masilu, pitani kwa makaniko mukamuuze zomwe mwapeza, osangoti "bwana, njinga ikuvuta". Mukakonza chinthu chimodzi, yesani njingayo pamsewu wopanda anthu ambiri musanagwire china, kuti mudziwe chomwe chathandiza. Ndipo mabuleki gwirani musanalowe pakona, osati muli kale mkati.