Liwiro Silichiza Mtima Wodwala

Ine ndimaukonda mpikisano wa Porters Race, uja wothamanga makilomita oposa 20 pa phiri la Mulanje. Koma ndikuuzeni zoona, amalonda anzanga: liwiro silichiza mtima wodwala kale.

Jim Fixx wa ku America, mkulu amene anatchukitsa masewero othamanga, anagwa n'kufa akuthamanga mu 1984, ali ndi zaka 52. Mitsempha ya mtima wake inali itatsekeka. Ubongo nawonso sutsala: kupapira madzi mopyola muyeso kumachepetsa mchere m'magazi, ubongo n'kutupa.

Ndiye mphwanu wa ku Chimaliro akamayeserera m'minda ya tiyi ya ku Thyolo kuti akapikisane, akayezetse BP kaye. Akamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, aime pompo. Mendulo siigula moyo ayi!