Jekete la m'tauni, munda wa ku Chadiza

Mwezi watha ndinapita kwathu ku Chadiza kukaika malume. Nditangofika pamudzi ndi jekete langa la salaula, ndinamva kunong'ona: "Abwana a ku Lusaka afika, bokosi agula ndiwo." Sanadziwe kuti lendi ya ku Mtendere ndinali ndisanalipire.

Pobwerera ndinakumbukila munthu amene tinaphunzila ku koleji, J. Clyde Mitchell. Anabadwa mu 1918 ku South Africa, ndipo moyo wake wonse anafufuza za anthu onga ife, a mwendo umodzi m'tauni, wina kumudzi. Anayambila pakati pa Ayao ku Nyasaland, kenaka mu 1952 anakhala mkulu wa Rhodes-Livingstone Institute, imene lelo ndi INESOR ya UNZA. Pambuyo pake anaphunzitsa ku Salisbury, Manchester ndi Oxford. Anamwalila mu 1995.

Mu 1956 anatulutsa kabuku kochedwa The Kalela Dance, konena za gule wa ku Luanshya. Ovina anali anyamata a nchito zapansi, koma povina anali kuchena zacizungu, wina atavala monga dokotala. Mitchell anaona kuti m'tauni ulemu umayamba ndi covala ndiponso nchito imene ugwila. Kodi lelo zasintha? Onani cabe mmene kondakita amaitanila wa tayi kuti "bosi, khalani kutsogolo", wa maovolosi n'kumuuza kuti "fendelani kumbuyo".

Analembanso kuti umphawi ndiwo umatulutsa anthu m'midzi, koma tsiku lonyamuka limabwela ndi kanthu kena: mkangano, msonkho, ukwati. Mnzake A. L. Epstein, amene anaphunzila zamalamulo, anali kukhala m'makhoti a ku migodi kumvetsela mmene anthu a mitundu yosiyana amapezela cilungamo kutali ndi mafumu ao.

Apa m'pamene pandiwawa. Malume anatha zaka zambili ku Kopala, akutumiza ndalama kumudzi. Atapuma nchito anapeza munda wao ulimidwa ndi ena. Pabwalo la amfumu anawafunsa kuti, "Munali kuti pamene anzanu anali kugwetsa mitengo?" Amwalila mlandu usanathe, ndipo manje abale akuti ndiutenge ine, pakuti ndine wophunzila.

Inu amene mwapanikizana nane mu minibasi ino, munda wanu kumudzi alima ndani? Ine Cisanu ndikwelanso ya ku Chipata. Jekete ndilisiya.